Ankati ndayamba mowa, chonsecho anali mankhwala a khunyu

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndithu, kugwira ntchito ya m'gadeni ndi timaganyu topenta nyumba. Mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndayambira pamenepa chifukwa kwa mwezi wathunthu anthu ondidziwa bwino, mpaka akazi anga enieni, ankakhulupirira kuti ndayamba kumwa mobisa.

Zonse zinayamba ndi makwerero. Ndinkachotsa masamba padenga la nyumba ya abwana, phazi linaterereka, ndipo ndinagwa chagada n'kumenyetsa mutu pasimenti. Ndinagonekedwa m'chipatala masiku angapo, bala linapola, ndinabwerera kuntchito. Patatha miyezi isanu ndinagwa m'khitchini kunyumba, thupi lonse likuphiriphitha, lilime nditaliluma. Ineyo sindikumbukira kanthu, ndimangomva kwa akazi anga amene anaona zonse. Zitachitikanso kachiwiri anandijambula mutu, n'kupeza kachipsera mu ubongo pamalo pamene ndinamenyetsa paja. Adokotala anati ndi khunyu.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Tinakula tikuuzidwa kuti wakhunyu usadye naye mbale imodzi, ndiponso kuti akagwa uthawe, mpweya wake ungakupatsire. Zonsezo n'zabodza, matenda a khunyu sapatsirana, koma mantha oyamwira sachoka tsiku limodzi. Ndinauza anthu ochepa kwambiri, ndipo kubisa kumeneku kunadzandipweteka pambuyo pake.

Anandipatsa phenytoin, makapisozi atatu a 100 mg usiku uliwonse. Umenewu ndi mlingo wamba wa munthu wamkulu, ndipo anthu ambirimbiri amamwa chimodzimodzi osaona vuto lililonse. Kugwa kunasiyadi. Sabata ziwiri zoyambirira ndinkangothokoza Mulungu.

M'sabata yachitatu ndinayamba kudzuka ndi chizungulire. Ndinati mwina ndi kutopa. Kenako m'mawa wina ndinanyamula ketulo kuti ndithire tiyi. Kapu ndinkaiona bwinobwino, koma tiyi anathera patebulo. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Nditatseka diso limodzi ndi pamene ndinazindikira kuti ndikuona makapu awiri, ndipo ndimathira m'kapu imene palibe. Masiku otsatira miyendo inayamba kundikana. Ndinkayenda dzandidzandi, miyendo tang'a, ndikugwirira makoma. Lilime linalemera, mawu ankatuluka ngati mkamwa muli nsima. Tsiku lina pokwerera mataxi, dalaivala anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kutseka chitseko. Sankafuna chidakwa chimusanzire m'galimoto.

Chimene chinandilasa mtima ndi cha kunyumba. Usiku wina ana atagona, akazi anga anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, tandiuzani zoona, mukumwera kuti? Malaya anu ndimanunkhiza, fungo sindilimva, koma mayendedwe awa ndimawadziwa. Bambo anga ankayenda chonchi." Ndinayesa kuyankha, koma mawu anga omwewo ndi amene ankandigwetsa pamlandu. Lamlungu lotsatira kunabwera akulu a mpingo awiri, Baibulo m'manja. "Mbale wathu, ku Joni kuno mayesero ndi ambiri," anayamba choncho. Sindiwaimba mlandu. Za khunyu sankazidziwa chifukwa ndinawabisira, ndipo zimene maso awo ankaona zinkafanana ndendende ndi kuledzera.

Apa ndi pamene ndinachita cholakwa chimene ndikufuna wina aliyense asadzachite. Ndinaganiza kuti matenda akukula m'mutumu, mankhwala akuchepa mphamvu, ndiye ndinawonjezera kapisozi wachinayi popanda kufunsa aliyense. Ndinachita zimenezi masiku atatu. Mnzanga wina amene ankadziwa nkhani yanga ankandilangiza zosiyana: nditaye mankhwala onse, tipite kwa mneneri wina wotchuka. Tonse awiri tinali olakwa. Tsiku lachinayi ndinalephera kudzuka pabedi, ndikusanza, osazindikira bwino kuti kunja kwacha kapena kwada.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachitsikana, wodekha. Atamva dzina la mankhwala amene ndimamwa sanafunse zambiri. Anaimika chala chake patsogolo panga n'kundiuza kuti ndichitsatire ndi maso okha, mutu usatembenuke. Anachipititsa kumanja, kenako kumanzere. Ndiye anakodola akazi anga kuti abwere pafupi aone. Akuti maso anga akafika m'mbali ankagwedezeka okha, kubwerera pang'ono n'kudumphanso, osakhazikika. Anandiuza kuti ndigwire mphuno yanga ndi chala, chala chinakafika patsaya. Anandiimiritsa kuti ndiyende pamzere wa matailosi, chidendene kutsogolo kwa zala, sindinathe ngakhale mapazi awiri. Ananditenga magazi. Mowa sanaupezemo. Chimene anapeza ndi phenytoin wochuluka zedi. Pa muyeso umene amagwiritsa ntchito kuno, mankhwalawa amafunika kukhala pakati pa 40 ndi 80. Akapitirira 80 nthawi zambiri maso amayamba kugwedezeka, akafika cha m'ma 120 munthu amadzandira, kupitirira apo amasokonezeka mutu ndi kuwodzera. Anga anali atapitirira 150. Akazi anga anatuluka panja kukalira.

Ndinaulula za kapisozi wachinayi uja. Adokotala anati wawonjezera moto, koma motowo unali utayaka kale, chifukwa kudzandira kunayamba ndikumwa mlingo woyenera. Anaimitsa phenytoin ndili m'chipatala momwemo, akundiyang'anira, ndipo ankayeza magazi pafupipafupi. Chimene chinawadabwitsa n'choti mankhwalawa ankatsika pang'onopang'ono kwambiri. Panapita masiku ambiri osamwa kapisozi ndi mmodzi yemwe, koma m'magazi anali akadalimo. Ndi pamene ananena kuti akukayikira chibadwa changa.

Ndifotokoza monga mmene ndinadzafotokozera abale anga. Chiwindi chili ngati chigayo. Mankhwala ukamwa amalowa m'magazi, amagwira ntchito yake, kenako chiwindi chimawagaya kuti thupi liwataye. Chimene chimagaya phenytoin wambiri ndi enzyme, ndiye kuti chogayira cha m'chiwindimo, yotchedwa CYP2C9, ndipo malangizo opangira enzyme imeneyi timabadwa nawo, mbali imodzi yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Wachigayo chabwino amagaya matumba atatu amene abwera lero, mawa malo ali mbee. Changa chinkagaya pang'ono chabe. Otsalawo ankagona m'chigayo, mawa kubweranso matumba atatu ena, mkuja atatu ena, mpaka mulu kufika kudenga. N'chifukwa chake sabata zoyambirira ndinali bwino, vuto n'kudzaoneka mochedwa. Phenytoin alinso ndi khalidwe lake loipa: ngakhale kwa munthu wachigayo chabwino, chigayocho chimadzaza msanga, moti kuwonjezera pang'ono chabe kungakweze mlingo wa m'magazi kwambiri kuposa mmene ungaganizire. Kapisozi mmodzi wowonjezera si nkhani yaing'ono.

Abwana anga, amene sanaiwale kuti ndinagwera padenga lawo, anavomera kulipira kuti andiyeze chibadwacho. Sikupweteka ayi, amangopaka kathonje mkati mwa tsaya n'kutumiza ku labu. Koma adokotala anachita chinthu chimene ndinadzamvetsa kufunika kwake pambuyo pake. Anayamba aimbira foni ku labuko kufunsa kuti amayang'ana mitundu iti ya kajini kameneka, kutanthauza malangizo obadwa nawo aja. Mitundu yofooka imene inayamba kudziwika, CYP2C9*2 ndi CYP2C9*3, imapezeka kwambiri mwa azungu, ndipo mwa ife anthu akuda ndi yosowa. Ife tili ndi yathuyathu: *5, *6, *8 ndi *11. Labu imene imayang'ana iwiri yoyamba yokha ikhoza kumuuza munthu wa ku Dedza kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Mtundu wa *6 unadziwika mu 2001 mwa munthu wakuda wa ku America amene phenytoin anamudwalitsa ngati ine, ndipo kafukufuku wa ku Benin wa mu 2005 anaonetsa kuti mitundu inayi imeneyi imachedwetsa kugayidwa kwa phenytoin. Zimandiwawa kuti kafukufuku wambiri wa majini wachitikira pa anthu a ku Ulaya, chonsecho kusiyanasiyana kwa majini n'kwakukulu mwa anthu a mu Africa kuposa kwina kulikonse.

Zotsatira zinabwera patatha sabata zingapo. Mbali imodzi ndili ndi *6, imene sipanga enzyme yogwira ntchito n'komwe. Mbali inayo ndili ndi *8, yogwira ntchito mofooka. Malangizo a gulu la akatswiri lotchedwa CPIC amati munthu ngati ine, ngati n'kofunikadi kuti amwe phenytoin, mlingo wake wa tsiku ndi tsiku uchepetsedwe ndi theka, ndipo wofooka pang'ono uchepetsedwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kwinaku akuyezedwa magazi. Ine anandisinthira ku mankhwala ena a khunyu otchedwa levetiracetam, amene gawo lake lalikulu limatuluka kudzera mu impso osadalira chigayo chija. Miyezi yoyamba ankandipsetsa mtima msanga, ana anaziona zimenezo, koma zinakhazikika. Anandichenjezanso kuti enzyme yomweyi ndi imene imagaya warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, komanso ibuprofen, Brufen amene timangogula pagolosale msana ukamawawa. Tsopano sindimwa chisawawa.

Madzulo a tsiku limenelo ndinaimbira Amayi pa WhatsApp.

"Amayi, apeza chimene chimandidwalitsa. Akuti ndi majini."

Kunali zii. Kenako anati, "Ndinanena ine, mwanawe. Ndinanena kuti izi si zachipatala. Bwera kuno tikakuonetse kwa anthu odziwa."

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti mawu amene ndawatchula, kwathu amatanthauza mizimu yoipa. Ndinayamba kufotokoza mofatsa kuti si majini amenewo ayi, ndi zakumtundu, zimene zinandipatsa mphuno ya malemu bambo ndi msinkhu wawo wa Amayi. Ndinawauza za chigayo. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndiye anafunsa ndi mawu otsika kwambiri, "Ndiye kuti ndinakupatsa ndine?"

Funso limenelo sindinalikonzekere. Ndinati, "Amayi, palibe amene analakwa. Theka ndi lanu, theka la Ababa, monga mmene zilili ndi thupi langa lonse. Inuyo mwakhala nazo moyo wanu wonse osadwala nazo, chifukwa mankhwalawa simunamwepo." Ndinawatsimikiziranso kuti khunyu langa silakumtundu, linabwera ndi makwerero. Chakumtundu ndi mmene chiwindi changa chimalandirira mankhwala ena. Zinthu ziwirizi anthu amazisokoneza, ndipo kusokoneza kumeneko kwathetsa zibwenzi ndi maukwati. Kuchokera tsiku limenelo, ndikamalankhula ndi akuluakulu ndimati "zakumtundu" kapena "za m'magazi".

Patangopita mwezi, Amayi omwewo anaimba ndi pempho. Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi amene anayamba kugwa atadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka zinayi. Amalandira phenobarbitone kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo amamuyanja. Koma mwezi umenewo mankhwala anali atatha. "Aja unasiya kumwa aja ukadali nawo? Tumiza pabasi. A ku Joni ndi amphamvu." Botolo linalidi m'kabati, pafupifupi lodzaza.

Ine ndine malume ake a mwanayo, mwini mbumba. Kukana kunali kowawa, chifukwa ndinkadziwa kuti mwana akakhala wopanda mankhwala akhoza kugwera pamoto kapena pachitsime. Koma makapisozi a munthu wamkulu kupatsa mwana popanda dokotala n'kuika moyo wake pachiswe, ndipo pamwamba pa zimenezo mlongo wanga ndi ine tinabadwa kwa mayi ndi bambo amodzi. N'kutheka kwambiri kuti iye anatenga chimodzi mwa ziwiri zimene ndinatenga ine, n'kupatsiranso mwana wake. Ndinakana. Ndinatumiza ndalama kuti apite kuboma ndi buku lake la kuchipatala akagule phenobarbitone yemweyo ku famase, ndipo botolo langa ndinakalibweza kuchipatala. Amayi anakhumudwa masiku angapo. Ndinauzanso mlongo wanga kuti gawo lina la phenobarbitone limadutsa m'chigayo chomwechi, choncho akadzaona mwana akuwodzera kwambiri masana kapena akudzandira, akanene kuchipatala msanga.

Kubwerekana mankhwala kumeneku ndikukudziwa bwino, ndipo sikuchokera mu umbuli, kumachokera m'kusowa ndi m'chikondi. Koma "mankhwala a khunyu" si chinthu chimodzi. Phenobarbitone, phenytoin, carbamazepine, sodium valproate, aliyense ali ndi njira yake m'thupi, ndipo amene akuchiritsa mnzako akhoza kukugoneka iwe.

Pali mbali ina ya zakumtundu imene ndi yoopsa kuposa yanga, ndipo siyamba ndi chizungulire, imayambira pakhungu. Mu 2004 ofufuza a ku Taiwan anapeza kuti anthu okhala ndi kajini kotchedwa HLA-B*15:02 akamwa carbamazepine amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda otchedwa Stevens-Johnson, amene khungu limachita matuza n'kumasupuka ngati munthu wapsa ndi madzi otentha. Apa vuto si chigayo, ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimaona mankhwala ngati mdani n'kuyamba kuwononga khungu la mwiniwake. Mu 2007 bungwe la FDA la ku America linalangiza kuti anthu ochokera kumadera a ku Asia kumene kajinika n'kofala aziyezedwa kaye, ndipo ku Taiwan, Hong Kong, Singapore ndi Thailand kuyeza kumeneku kumachitika. Mwa azungu ndi anthu a ku Japan munapezekanso kena, HLA-A*31:01. Mwa ife, HLA-B*15:02 n'kosowa kwambiri, koma musati ndiye kuti tapulumuka. Matenda a khunguwa amatigwira ndithu, ndipo carbamazepine, phenytoin, phenobarbitone ndi lamotrigine onse akhoza kuwayambitsa. Amene anakhalapo m'mawodi nthawi ya ma ARV a nevirapine anawaona ndi maso. Kafukufuku amene anachitikira ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti mwa Amalawi kajini ka HLA-C*04:01 n'kogwirizana ndi kusupuka khungu chifukwa cha nevirapine. Ndiye kuti nafenso tili ndi zathu.

Vutoli limakonda kubwera m'miyezi iwiri yoyambirira munthu atayamba mankhwala atsopano. Thupi kutentha, maso kufiira, zilonda mkamwa, pamilomo kapena kumaliseche, zidzolo zofalikira thupi lonse: ukaona zimenezi usadikire tsiku la kiliniki, usapake mafuta, usati ndi chikuku. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, mankhwala onse ali m'manja, ndipo usamwenso piritsi lina asanakuone. Kupatula pamenepa, mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi. Kusiya kamodzin'kamodzi kungabweretse kugwa kosalekeza kumene kumapha.

Kwa ana kuli chinanso. Alipo ena amene amayamba kugwa asanakwanitse chaka, makamaka thupi likatentha, kugwa kwake kotenga nthawi yaitali, ndipo akapatsidwa carbamazepine kapena lamotrigine zinthu zimaipiraipira m'malo mochepa. Matenda ake anawafotokoza dokotala wa ku France, Charlotte Dravet, mu 1978, ndipo ambiri mwa anawa ali ndi vuto pa kajini ka SCN1A. Kholo likaona kuti mwana akugwa kwambiri chiyambireni mankhwala ena, lilembe masiku ake n'kukaonetsa. Adokotala amamuona mwana mphindi zochepa, kholo limamuona usana ndi usiku.

Komanso mankhwala amakumana m'chiwindi momwemo. Bactrim ndi fluconazole amachedwetsa kugayidwa kwa phenytoin. Isoniazid, wa TB uja, amachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa anthu amene chibadwa chawo chimachotsa isoniazid mochedwa. Mbali inayi, phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbitone amafooketsa ma ARV ena monga dolutegravir, ndi njira zina zolera monga mapiritsi ndi kachipangizo ka pamkono. Manyazi otchula mankhwala ena amene ukumwa akhoza kukupweteka kuposa matendawo.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuyamba kuopa mankhwala. Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kukhala osagwa atalandira chithandizo choyenera. Chibadwa ngati changa n'chosowa. Kwathu, chimene chimabwezeretsa anthu ambiri pansi ndi kutha kwa mankhwala, kudumphitsa masiku, mowa ndi kusagona. Ndikudziwanso kuti kuyeza majini ndi mwayi umene ambiri kumudzi sangaupeze, ngakhale kuyeza mlingo wa mankhwala m'magazi sikupezeka paliponse. Koma kumbukirani kuti dokotala uja anadziwa vuto langa ndi chala chake chokha, magazi asanayezedwe. Kilinikala wa kuchipatala chaching'ono akhoza kuchita zomwezo ngati wodwala wabwerera n'kunena zimene akumva, mmalo mopirira, kuwonjezera yekha, kapena kutaya mankhwala kuchimbudzi.

Akulu a mpingo aja anabweranso atamva, ulendo uno kudzapepesa, ndipo ndinawauza zonse zimene ndinkabisa. Mmodzi mwa iwo anati mwana wa mchimwene wake amagwanso, ndipo banja limamutsekera m'nyumba alendo akabwera. Tinacheza mpaka usiku.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinapita kumudzi ndi pepala la zotsatira zanga lili m'chikwama. Ndinatenga mlongo wanga ndi mwana wake, tinapita kukaonana ndi akilinikala amene amamulembera mankhwala. Analiwerenga kawiri, anandifunsa mafunso angapo, kenako anatsegula tsamba loyamba la buku la mwanayo n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti malume ake anadwala ndi phenytoin pa mlingo wamba, ndipo aliyense wofuna kumupatsa mankhwalawa ayambe ndi ochepa n'kumamuyang'anira. Mlongo wanga anatulutsanso buku lake kuti amulembere zomwezo. Mwanayo ali Sitandade 6 tsopano, ndipo bukulo amalisunga m'pepala lapulasitiki la shuga kuti lisanyowe.